Waksi akakana kuzula tsitsi kapena akasupula khungu

Mwezi wa Juni ukangofika, dandaulo la m'masaluni a pa Dedza boma limakhala limodzimodzi: waksi wochotsera tsitsi la pathupi wasiya kugwira. Wapakidwa bwinobwino pamwendo, wachotsedwa, koma tsitsi lili pompo. Kapena wauma msanga n'kumanyenyeka m'zala, wochotsa n'kumatola tizidutswa ndi zikhadabo, kasitomala akuluma mano. Ambiri amafulumira kunena kuti ku Lilongwe anawagulitsa waksi wachinyengo. Waksi wachabechabe alipo ndithu pamsika, makamaka uja wobwera m'majumbo opanda dzina kapena malangizo. Koma kawirikawiri chitini chimene chikukana mu Juni n'chomwecho chimene chinkagwira bwino mu Epulo. Chasintha ndi chipinda, khungu la kasitomala, komanso dzanja lanu limene layamba kupupuluma poona kuti waksi akuuma musanamalize kupaka.

Tauni ya Dedza ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Saluni yasimenti yofolera ndi malata imasunga chisanu chimenechi mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano nkhani ndi yomweyi. Anzathu a ku Golomoti, ku Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje lawo ndi vuto la thukuta, ndipo limafika pachimake mu Okutobala. Malangizo olembedwa pachitini saganizira zonsezi, ndiye zili kwa inu kuona chimene chikuchitika pabedi panu.

Musanataye chitini, komanso musanakweze moto wa hita yosungunulira waksi, tengani chidutswa chimene mwangochotsacho mupite nacho pazenera. Chitembenuzeni muone mbali imene inali pakhungu. Tsitsi lozuka bwino limaima mu waksi lili ndi kamutu kakang'ono kumuzu, kena kakuda, kena koyererako. Tsitsi loduka limakhala lalifupi, lopanda kamutu, mbali zonse zofanana. Chidutswa chosalala chopanda tsitsi n'komwe chikutanthauza kuti waksi sanagwire. Ndipo mukaona kachikopa kopyapyala kotuwa katamatirira pachidutswa, pamalo pomwe mwachotsapo n'kumanyezimira ngati panyowa, ikani kamtengo kopakira waksi pansi, khungu lasupuka. Zinthu zinayi zimenezi zili ndi zoyambitsa zosiyana, ndipo chimene chimathetsa chimodzi chikhoza kukulitsa chinzake.

Pano ndikunena za mitundu iwiri yomwe ambiri tili nayo. Waksi wofewa ndi uja timapaka mopyapyala n'kumatapo kansalu kapena pepala. Amagwira tsitsi ndi khungu lomwe, n'chifukwa chake ndi wabwino m'miyendo, m'mikono ndi kumsana. Waksi wolimba, wa timikanda kapena wa zibuma, timapaka mokhuthala, amauma yekha n'kuchotsedwa ndi zala. Uyu amakumbatira tsitsi kwambiri kuposa khungu, ndiye ndi woyenera kumaso, m'khwapa ndi kumalo obisika.

Chidutswa chatuluka chopanda tsitsi

Choyamba kukayikira ndi mafuta. M'nyengo yozizira khungu limatuwa, ndipo mayi wa kuno sachoka pakhomo osadzola Vaseline kapena gilisalini wokwanira. Waksi sangamate pa mafuta otere, amangotsetsereka. Kupukuta ndi thonje kamodzi sikukwanira. Gwiritsani ntchito mankhwala otsukira khungu musanapake waksi, ndipo ngati mulibe, sopo wosanunkhira ndi madzi ofunda amachita ntchito, kenako muumitse ndi thaulo mpaka pasakhale chinyontho. Pitirizani kupukuta mpaka thonje lizituluka loyera. M'khwapa mumakhala roll-on wa dzulo ndi dzana, nayenso achoke.

Kwa anzathu akumunsi kotentha, wolepheretsa ndi thukuta. Kasitomala wayenda padzuwa, wagona pabedi la pulasitiki, mantha nawonso akumutulutsa thukuta lina. Muumitseni, muwaze pawudala pang'ono, n'kupukuta wotsala. Pawudala akachuluka waksi amagwira iyeyo n'kusiya tsitsi. Gwirani kachigawo kakang'ono, mukamaliza muumitsenso kena.

Khungu likakhala loyera ndi louma koma tsitsi n'kukanabe, onani kutalika kwake. Lifunika lifike mamilimita 6, loti mukhoza kulitsina ndi zala. Munthu amene wameta ndi lezala amafunika kudikira masabata awiri kapena atatu. Makasitomala ambiri amameta dzana lake pochita manyazi kubwera ndi tsitsi, ndiye afika ndi zitsa zokhazokha. Apa palibe luso limene lingathandize. Kubwereza kupaka pa zitsa kumangopweteka khungu. Muuzeni tsiku lodzabweranso, ndipo mumutsimikizire kuti tsitsilo n'limene mukufuna kudzaliona. Lalitali kwambiri, lopitirira masentimita awiri, lichepetseni ndi sizasi, apo ayi limapotana mu waksi, kuwawa n'kuchuluka.

Kuzizira

Waksi wolimba ali ndi kanthawi kochepa pamene wasiya kumata chala koma akadali wofewa moti n'kupindika. Ndi nthawi imeneyo yochotsera. M'chipinda chofunda kanthawiko kamakudikirani. M'mawa wa Julayi pa Dedza kamatha mukutembenuka kukatunga wina. Mukachedwa amauma gwa, ndipo mukakoka amasweka m'tizidutswa. Choncho m'chisanu musapake malo atatu nthawi imodzi monga mumachitira mu Okutobala. Pakani kachigawo kamodzi, kotalika mosapitirira chala chanu, kokhuthala bwino, ndipo kumapeto musiyeko mphepete yonenepa pamalo opanda tsitsi yoti mugwirepo. Mphepete zopyapyala ndi zimene zimayamba kusweka. Akauma kale musamukande ndi zikhadabo. Pakani wina wofunda pamwamba pake, awiriwo agwirane, muchotse pamodzi. Zotsalira zazing'ono zimachoka ndi mafuta, osati madzi.

Khungu nalonso limafunika kufunda. Kasitomala watsika pa kabaza m'mawa, miyendo ili zii, thupi lachita tsemwe. Waksi akagwa pakhungu lotero amazizira pomwepo asanalowe pakati pa tsitsi, komanso tsitsi limakhala litagwidwa zolimba m'timabowo take. Mufunditseni bulangete, akhale kaye mphindi khumi kapena kuposerapo, mwina mukumufunsa mafunso amene ndifotokoze kutsogoloku. Vundukulani mbali yokhayo imene mukugwirapo. Tsekani zenera loyang'anizana ndi bedi. Ngati n'kotheka, anthu a miyendo yonse muziwaika masana, m'mawa muzichita nsidze ndi ntchito zina.

Chimene ambiri amachita akaona waksi akuuma msanga n'kukweza hita mpaka kumapeto, ndipo mabala amoto ambiri amayambira pamenepa. Hita imatenthetsa kuchokera pansi ndi m'mbali, kotero pakati pakhoza kukhala chibuma chosasungunuka pamene m'mphepete mwatentha moti n'kuwotcha. Iyatseni msanga, theka la ola kapena kuposa kasitomala asanafike, waksi akasungunuka muchepetse moto, ndipo muzitakasa nthawi iliyonse musanatunge. Waksi wofika bwino amayenda ngati uchi: mukamunyamula pakamtengo n'kukapotoza amakhalapo, n'kumatsika pang'onopang'ono. Akamadontha mothamanga watentha kwambiri. Muyeseni pamkono panu mkati, pafupi ndi chikhatho, kenako pakachigawo kakang'ono ka kasitomala, n'kumufunsa. Bwerezani kuyesaku pamene mwawonjezera waksi kapena mwachoka kwa kanthawi. Dziwaninso kuti waksi amene watenthetsedwa mopitirira muyezo kambirimbiri amada n'kusiya kutanuka, ndipo ameneyo amasweka ngakhale chipinda chifunde. Sungunulani wokwanira tsiku limenelo basi.

Magetsi akazima pakati pa ntchito, musaike chitini pa makala mwachindunji. Pansi pamapserera pamwamba pakadali polimba, ndipo waksi akatentha kwambiri amayaka. Akayaka vundikirani ndi chivundikiro, musathirepo madzi. Njira yabwinoko ndi kuika chitini mumphika wa madzi otentha, madziwo alekeze pakati pa chitini, osawira mogaduka, chifukwa madontho a madzi akagwera mu waksi amamuwononga. Potulutsa pukutani kunsi kwa chitini kuti madzi otentha asadonthere pa munthu. Mbaulayo ikhale panja. M'chipinda chotseka makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo m'chisanu ndi pamene anthu amakopeka kuilowetsa kuti afundirenso. Ine ndimaona kuti waksi wotenthetsa pambaula ndi wongomalizira mwendo womwe munayamba kale. Kumaso ndi kumalo obisika dikirani magetsi. Ndipo akazima, tsitsani hita nthawi yomweyo, kuti akadzayaka inu muli kwina isapitirize kuwotcha.

Tsitsi likuduka, kasitomala wabwerera sabata isanathe

Mayi akabwera patatha masiku atatu kapena anayi akudandaula kuti miyendo yayamba kale kubaya, tsitsi linaduka, silinazuke. Choyambitsa chake chachikulu ndi kukokera m'mwamba. Waksi timapaka motsata kumene tsitsi lagonera, tikumutsindika ndi kamtengo kuti alowe mpaka pakhungu, n'kuchotsa mobwerera kumene likuchokera. Pochotsa dzanja liyende chogona, moyandikana ndi khungu, mwachangu komanso kamodzi. Dzanja linalo likunge khungu kumunsi kwa pomwe mukuyambira. Mukakokera kudenga, tsitsi limathyokera pakhungu, khungulo limanyamuka, ndipo mawa lake pamakhala patada ndi magazi oundana, makamaka m'ntchafu ndi m'khwapa. Kukoka mozengereza pomvera chisoni kasitomala kumawawa kuposa kukoka mwachangu. Mukangochotsa, psinjani pamalopo ndi chikhatho, ululu umazirala.

Ndi waksi wofewa, vuto lina ndi kupaka mokhuthala. Kansalu kamachoka ndi waksi wapamwamba, wapansi n'kutsala pakhungu ndi tsitsi lake. Pakani mopyapyala moti khungu lizionekera, matani kansalu nthawi yomweyo, sisitani kawiri kapena katatu motsata tsitsi, ndipo musiye mbali yopanda waksi yogwirira.

M'khwapa tsitsi silimera njira imodzi. Lam'mwamba nthawi zambiri limaloza kumtunda, lam'munsi kumunsi, ndipo kwa ena pakati limazungulira. Yang'anitsitsani musanapake, n'kugawa malowo pawiri kapena patatu. Pamlomo wam'mwamba yambirani pakati pansi pa mphuno, mbali iliyonse payokha.

Koma si tsitsi lonse lobwera msanga limene linaduka. Tsitsi la pathupi silikula nthawi imodzi: lina likukula, lina lapuma, lina likadali pansi pa khungu tsiku limene mukuchotsa. Limeneli limatuluka patatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mudzalidziwa chifukwa ndi lofewa, losongoka kunsonga, silibaya. Kwa munthu amene wakhala akumeta, maulendo oyambirira amakhala otere. Mufotokozereni asanachoke, kuti asakatenge lezala pakati. Azibwera pakapita masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Khungu lasupuka

Apa ndipo pamene ndikufuna tikhalepo, chifukwa tsitsi lotsala munthu amaiwala, koma chipsera cha pamlomo kapena pansi pa nsidze amayenda nacho miyezi. Poyamba sipaoneka zambiri. Pamakhala kamalo kofiirira, konyezimira, kasitomala n'kunena kuti pakuwawa ngati pathiridwa tsabola. Mawa lake pada, mkuja pachita nkhanambo. Nkhanamboyo ikachoka, pakhungu lathu lakuda pamatsala banga lakuda kwambiri, nthawi zina loyera, ndipo limachedwa kufanana ndi khungu linalo.

Zina zoyambitsa zili m'manja mwanu: waksi wotentha kwambiri, khungu losakungidwa, komanso kubwereza. Waksi wofewa sapakidwa kawiri pamalo amodzi tsiku limodzi, chifukwa ulendo woyamba wachotsa kale khungu lakufa lapamwamba, wachiwiri umatenga lamoyo. Tsitsi lotsala lizuleni ndi kambaniro. Wolimba mukhoza kubwereza kamodzi ngati khungu silinafiire kwambiri, ndipo kadontho ka mafuta kopakidwa n'kupukutidwa musanayambe kamateteza khungu louma la m'chisanu.

Koma chimene chimagwetsa ngakhale odziwa ntchito ndi zimene kasitomala akudzola kunyumba. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, ena hydroquinone, ndipo ena salemba n'komwe zimene zilimo. Ma steroid akadzoledwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu moti waksi wofunda bwino, wopakidwa bwino, amalisendabe. Mafuta a ziphuphu okhala ndi tretinoin, adapalene kapena retinol nawonso amafewetsa khungu lapamwamba, ndipo munthu amafunika kuwasiya pafupifupi sabata asanapake waksi pamalopo. Amene akumwa mapiritsi a isotretinoin sayenera kupaka waksi pena paliponse mpaka patatha miyezi 6 atasiya.

Mukafunsa kuti "Kodi mumadziyeretsa?" palibe amene angavomere, ndipo mwamukhumudwitsa. Funsani za botolo, osati za munthu. "Achemwali, ndisanayambe, kumasoku mukudzolako chiyani masiku ano? Ngati kabotolo kali m'chikwamamo ndikaone, chifukwa mafuta ena sagwirizana ndi waksi." Funsani muli awiri, osati pamaso pa anthu amene akulukitsa tsitsi. Ena sadziwa n'komwe, anangogula mafuta osakaniza kale kwa mnzawo, akuti ndi ochotsa mabanga. Ndiye maso anu agwirenso ntchito. Onani ngati nkhope yayera kuposa khosi ndi makutu, ngati mfundo za zala zada kuposa dzanja lonse, ngati khungu la m'masaya ndi lonyezimira timitsempha tikuonekera, ngati m'mikono ndi m'ntchafu muli mizere ikuluikulu yotakata. Mukaona zimenezi musapake waksi, ngakhale akakamire kuti kwina anamuchita. Nsidze mukhoza kukonza ndi kambaniro kapena ulusi. Ndipo mulangizeni mwaulemu kuti akaonane ndi achipatala za kasiyidwe ka mafutawo, chifukwa kusiya steroid mwadzidzidzi kumabutsa zotupa ndi kuyabwa, ndipo khungu limatenga nthawi kuti libwerere mwakale.

Mafunso ena ndi achidule koma musawalumphe. Wodwala shuga mabala ake amachedwa kupola. Womwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, amavulala mkati msanga. Pamitsempha yotupa ya m'miyendo, pa njerewere, pa tiziphuphu takuda tobadwa nato, pa chilonda, pa zipere, pa mphere, pa chikanga ndi pa matuza a pamilomo sitipakapo waksi. Funsaninso ngati pulasitala amamutulutsa nsungu. Waksi wambiri amapangidwa ndi utomoni wa mitengo ya paini, ndipo utomoni womwewo umapezeka mu zomatira za mapulasitala ena. Munthu wotere muyeseni pakamalo kakang'ono, abwerenso patatha masiku awiri muone. Mayi amene ali kumwezi kapena woyembekezera amamva kuwawa kwambiri, ndiye adziwiretu.

Zikachitika kuti khungu lasupuka, siyani pomwepo ndipo mumuuze zoona, musabise ndi pawudala. Ikanipo kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira, kenako Vaseline wochepa kuti pasaume. Spiriti ayi, zodzola zakumaso ayi, mandimu ayi. Asakande nkhanambo, ndipo apewe dzuwa pamalopo, avale chipewa kapena afunde, chifukwa dzuwa ndi limene limadetsa banga. Dzuwa la kumapiri kuno limawotcha ngakhale kunja kukuzizira.

Kupsa ndi waksi wotentha chithandizo chake ndi madzi ozizira oyenderera kwa mphindi 20, a pampopi kapena othira ndi kapu kuchokera mu ndowa yoyera. Musamatule waksi mokakamiza pakhungu lopsa. Ziziritsani kaye. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira ndi ayezi musaikepo. Matuza asaphulitsidwe. Ngati wapsa kumaso kapena kumalo obisika, ngati matuza ndi aakulu, kapena waksi wakanirira pabala, mperekezeni ku chipatala chapafupi kapena cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu tsiku lomwelo.

Ziphuphu zotuluka pambuyo

Kasitomala akaimba foni kuti watuluka ziphuphu, mufunse kuti zatuluka liti, chifukwa tsiku lake ndi limene limakuuzani mtundu wake.

Zotuluka nthawi yomweyo, zofiira, kabowo kalikonse kali ndi kake, ndi thupi chabe likuyankha kuzulidwa kwa tsitsi. Zimazirala pakatha maola ochepa kapena tsiku. Kansalu kozizira n'kokwanira.

Zotuluka patatha masiku awiri kapena atatu, zili ndi mitu yoyera ya mafinya, ndiye kuti tizilombo talowa m'timabowo. Zimakonda pamlomo wam'mwamba, pachifuwa ndi kumsana kwa abambo, ndi kumalo obisika. Apa tiyenera kudziyang'ana tokha moona mtima. Kamtengo kamene kakhudza khungu sikabwereranso mu chitini. Kutentha kwa waksi sikukwanira kupha tizilombo, ndipo chitinicho chidzagwira anthu ena ambiri. Ndikudziwa kuti timitengo timadula ndipo timatha msanga, koma mtengo wake uikeni pa mtengo wa ntchito. Waksi wogwiritsa kale ntchito asasefedwe n'kusungunulidwanso, atayidwe. M'khwapa ndi kumalo obisika tsitsi lokhuthala likazuka pamatuluka timadontho ta magazi, zimenezi si zachilendo, koma ndi chifukwa chake magolovesi ndi ofunika, pakuti matenda a chiwindi a hepatitis B amayenda m'magazi ochepa kwambiri. Kambaniro katsukidwe n'kuviikidwa mu mankhwala ophera tizilombo munthu aliyense akatha, ndipo nsalu ya pabedi isinthidwe.

Mbali ina ndi ya kasitomala. Kwa tsiku limodzi kapena awiri timabowo timakhala totseguka, ndiye asasambe madzi otentha kwambiri, zimene m'chisanu chathuchi muyenera kuzinena mobwereza. Asadzole roll-on, perefyumu kapena mafuta olemera pamalopo, asavale taiti kapena jinzi yothina, asamagwiregwire, ndipo ngati ndi kumalo obisika apumule kaye zogonana. Ziphuphu zazing'ono zimatha zokha pamalo pakakhala paukhondo, bola asafinye. Zikamakula, kufalikira, kutentha, kusanduka chithupsa, kapena thupi likatentha, apite kuchipatala. Mankhwala opha tizilombo si ife olemba.

Zotuluka patatha sabata ziwiri kapena kuposa, zolimba, zakuda, nthawi zina tsitsi likuonekera mkati litapindika, ndi tsitsi lomerera m'khungu. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndipo likamatuluka nsonga yake imakhota n'kubayanso khungu, kapena imalephera kuboola khungu louma lapamwamba. Tsitsi loduka ndi limene limachita zimenezi kwambiri, ndiye mukaona kasitomala wanu aliyense akubwera nazo, bwererani ku kakokedwe kanu. Kunyumba, pakatha masiku atatu ayambe kukhula pamalopo mofatsa ndi chinkhupule chofewa kawiri pa sabata, n'kumadzola mafuta opepuka tsiku lililonse. Mwala wa kumapazi usafike pamenepa. Tsitsi limene nsonga yake yatulukira mukhoza kulikweza ndi kambaniro koyera, koma kukumba ndi singano mu saluni kumasiya mabanga oposa amene munafuna kuchotsa. Amene ali ndi zipsera zotupa, monga zija zimamera pakhutu munthu akaboola ndolo, samalani naye kwambiri, chifukwa kabala kakang'ono kakhoza kumusiyira chotupa chosatha.

Za shuga ndi za akwati

Ena asankha kuphika okha phala la shuga, madzi ndi mandimu, poti zonse zimapezeka pamsika ndipo limachoka ndi madzi. Ndi njira yabwino, makamaka kwa amene utomoni umawayabwa, koma kachitidwe kake n'kosiyana: limapakidwa mobwerera tsitsi, n'kuchotsedwa motsata kumene lagonera. Likapsa kwambiri n'kuda limalimba, ndipo m'chisanu cha Dedza muyenera kulikanda m'manja kuti lifewe. M'dzinja ndi pathukuta limasungunuka n'kumamatirira. Pophika limatentha kupitirira madigiri 100, choncho liphikidwe dzulo lake, lifike pakhungu lili lofunda chabe. Mafunso a mafuta oyeretsa aja afunsidwebe.

Kuyambira Ogasiti maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka, ndipo mkwatibwi amabwera Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa, akufuna nsidze, pamlomo, m'khwapa ndi miyendo, sanapakepo waksi chibadwire. Nthawi zambiri ndi iyeyonso amene mwezi wathawu wakhala akudzola mafuta atsopano oti nkhope iwale pa tsikulo. Kumaso mukanireni, mukonze ndi ulusi kapena kambaniro. Amene wabwera kudzakambirana za tsitsi ndi zodzola nthawi ikadalipo, muuzeni ayese waksi kudakali mwezi ndi sabata, asamete pakati, ndipo abwerenso kutatsala masiku anayi kapena asanu kuti kufiira ndi tiziphuphu zikhale zitatha. Lembani m'kope mtundu wa waksi umene munagwiritsa ntchito ulendo woyambawo, mafuta amene akudzola, ndi mmene khungu lake linachitira, kuti tsiku lachiwirilo musadzayese chatsopano.